Dzanja la Afundi

Tinafika ku Chitipa msewu wochokera ku Karonga usanaikidwe phula. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ananditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi pa Boma. Amuna anga analibe ntchito yolembedwa. Kwathu ku Ntcheu ankakonza mawailesi pamsika, ndipo nditawauza za ulendowu sanachedwe kuyankha. Anati wailesi imafa paliponse, ndiye ntchito sikasowa. Abale awo anawaseka kuti mwamuna wanji wotsata mkazi mpaka kumathero a dziko, koma iwo anangomanga katundu.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa miyezi yoyambirira ndi mphepo. Inkawomba tsiku lonse, kulowa pansi pa chitseko, n'kusiya fumbi m'mbale zotsuka kale. Chinenero nachonso chinativuta. Anthu ankatilankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, koma akatembenukira kwa anzawo ankalowa m'zinenero zina zimene sitinkatolapo kanthu. Ine ndinangophunzira kupereka moni ndi kuthokoza. Amuna anga anaphunzira msanga, chifukwa munthu wobwera ndi wailesi yakufa amadandaula m'chinenero cha kwawo, ndipo wokonzayo ayenera kumva.

Anayambira pakhonde la nyumba ya sukulu imene tinkakhala. Panyumbapo panalibe magetsi, choncho kachitsulo kowotcherera mawaya ankakatenthetsa pa mbaula yomwe ine ndinkaphikira. Kangapo ndinapeza ndiwo zanga zitaphulidwa zisanapse. Akamagwira ntchito ankaluma mlomo wa m'munsi, ndipo ngakhale muwaitane kawiri sankamva. Amalonda opita ku Tunduma ndiwo anayamba kuwatchula kuti afundi, mmene amatchulira amisiri kutsidya kuja, ndipo dzinalo linamera mizu. Mwana wathu wamkazi, amene anabadwira konkuno, ali wamng'ono akafunsidwa dzina la bambo ake ankayankha kuti ndi Afundi.

Mafoni atayamba kuchuluka, mawailesi anachepa pakhonde. Foni yoyamba imene anaitsegula inali yanga, yopanda vuto lililonse. Ndinabwera kuchokera kusukulu n'kuipeza ili m'zidutswazidutswa pathebulo. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Aphunzitsi, dekhani," iwo anatero. "Ndimafuna ndione mmene imapumira."

Pofika madzulo inali ikulira ngati kale. Kuyambira pamenepo anayamba kugula mafoni akufa kwa aliyense amene anali nawo, n'kumawatsegula, kuwatseka, kuwatsegulanso. Patapita nthawi anachita lendi kachipinda pamsika wa pa Boma, pomwe panali magetsi. Chikwangwani analemba okha ndi penti yotsala kwa munthu wina, zilembo zopendekera mbali imodzi.

Pakhomo pa kachipindako pankakhala mayi wina wa ku Kaseye, wogulitsa mayunitsi pa katebulo. Anali ndi ana awiri. Mwamuna wake anapita ku Nakonde kukafuna ganyu, osabwerakonso. Sanali wolankhulalankhula. Akuluakulu ochokera m'midzi akabwera ndi foni n'kuyamba kulongosola m'Chilambya, iye ndiye ankamasulira. Kenaka anayamba kulandira mafoni afundi akachokapo. Kenakanso anayamba kuima kumbuyo kwawo n'kumayang'ana mmene zala zawo zikuyendera. Tsiku lina anawapempha kuti amuphunzitse, iwo n'kumupatsa foni yakufa ndi kachomasulira, n'kumuuza kuti aitsegule osathyola kanthu.

Azimayi ena a kumpingo anandinong'oneza kuti nditsegule maso. Ine ndinamuitana mayiyo kunyumba Lamulungu lina. Anabwera ndi ana ake onse awiri ndi nyemba m'kathumba, anagwada pakhomo, ndipo tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Pochoka ndinadziwa kuti panalibe choopa. Mayiyo ankafuna ntchito ya m'manja yoti adyetse nayo ana, basi. Kuchokera tsiku limenelo anakhala ngati mng'ono wanga.

Msewu wa phula utafika, kunafikanso anthu amene kale sankabwera kuno. Mmodzi mwa iwo anali bambo wina wa ku Lilongwe, wamfupi, wolankhula mwaulemu, wa kampani yokonza mafoni ndi makanema. Kampaniyo inali kale ndi mashopu ku Mzuzu ndi ku Karonga, onse ofanana: penti yobiriwira, chikwangwani chimodzimodzi, antchito ovala malaya ofanana. Mashopuwo sanali a kampani mwachindunji. Mmisiri wa pamalopo ankakhala mwini wake, koma ankatenga dzina la kampani, masipeya a kampani ndi malamulo ake, n'kumapereka gawo la phindu. Bamboyo anali atafunsafunsa pamsika kuti wokonza wodalirika ndi ndani, ndipo onse anamulozera khomo limodzi.

Tinakambirana nkhaniyi kwa masiku ambiri. Vuto lalikulu la afundi linali masipeya. Sikirini ya foni ikasweka ankadikira wamalonda wopita ku Tunduma, ndipo nthawi zina yobwerayo inali yosakwana. Kampani inkalonjeza kutumiza masipeya pa basi sabata iliyonse.

"Zonsezo ndazimva," anandiuza tikudya. "Koma chikwangwani changa achotsa."

"Anthu amabwerera chikwangwani kapena amabwerera inu, bambo?"

Anaseka pang'ono. M'mawa mwake anamuimbira bambo uja n'kuvomera.

Anapita ku Lilongwe kukaphunzira, ndipo anabwerako ali ngati mwana wochokera kutchuthi. Anabweretsa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, oti ukasuzumiramo kawaya kochepa ngati tsitsi kamaoneka ngati chingwe, ndi ena otulutsa mpweya wotentha. Anandiitana ku shopu kuti ndikasuzumire ndekha. Anandigwira chala n'kuchiika pansi pa makinawo, ndipo ndinaona choko chitadzaza m'timizere ta khungu langa. Tinaseka mpaka makasitomala kudabwa.

Shopu inasamukira m'chipinda chachikulu cha m'mbali mwa msewu, inapakidwa penti yobiriwira, ndipo anthu anayamba kubwera kuchokera kutali. A ku Misuku ankabwera, a kutsidya kwa Zambia ankabwera, aphunzitsi ndi anamwino a m'midzi ankatumiza mafoni awo kudzera mwa madalaivala. Chimene chinkawakoka chinali chakuti foni ikavutanso pasanapite nthawi, ankaikonzanso ulere. Chaka chisanathe, bambo wa ku Lilongwe anati mpofunika shopu yachiwiri. Anaitsegula ku Kaseye, ndipo mayi uja anapita kukaiyendetsa, kwawo komwe. Tsiku lotsegulira anavala malaya obiriwira pamwamba pa chitenje, amayi ake okalamba atakhala pa mpando pakhomo, akulandira moni wa anthu ngati pa ukwati.

Yachitatu inatsegulidwa ku Wenya. Kumeneko anthu ankayenda pansi mtunda wautali ndi foni yakufa m'thumba, ndiye shopuyo inalandiridwa ndi manja awiri. Ifenso zinthu zinasintha. Tinachoka m'nyumba ya sukulu n'kumanga yathu. Mwana wathu analowa sekondale yogonera komweko. Abale a ku Ntcheu amene ankaseka aja anayamba kutumiza ana awo kuti adzaphunzire ntchito.

Koma afundi anasiya kukonza. Sikuti anachita kufuna. Mashopu atatu ankafuna munthu wowayendera, woperekera masipeya, woweruza madandaulo a makasitomala, woona ngati antchito akutsata malamulo a kampani. Anagula njinga yamoto, ndipo sabata yonse ankakhala pamsewu. Ankafika kunyumba nsidze zili zofiira ndi fumbi, msana ukuwawa. Loweruka lina ndinawapeza pakhonde atatsegula wailesi yakale ya m'busa wathu, imene palibe shopu ikanailandira.

"Simupumako?" ndinafunsa.

"Uku ndiye kupuma," anatero. "Manja angaiwale. Masiku ano ndangokhala kapitawo."

Ankadandaula choncho, koma ankanyadiranso. Tikamadutsa pa shopu ya pa Boma ankayenda pang'onopang'ono, n'kumawerenga chikwangwani ngati kuti ayamba kuchiona tsiku lomwelo.

Shopu yachinayi inayenera kukhala kufupi ndi mapiri a Mafinga, kuti anthu owoloka kuchokera ku Zambia asamavutike kufika pa Boma. Munthu wina kumeneko anali ndi chipinda chochititsa lendi, ndipo afundi anafuna kukachiona wina asanachitenge. Inali nthawi ya mvula. Ndinawauza kuti adikire kuume, iwo n'kuti angopita n'kubwerako, msewu akuudziwa.

Ndinali m'kalasi pamene foni yanga inalira. Nambala inali yawo, koma mawu anali a mayi wachilendo, wolankhula Chitumbuka mofulumira, akupumira m'mwamba. Ndinangomvapo mawu atatu: afundi, njinga, pepani. Ndinapereka foniyo kwa mphunzitsi mnzanga wa konkuno, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha asananene kanthu.

Pobwerera, njinga inaterereka pa kamlatho ka mitengo. Anagwera m'munsi, pamiyala, njinga n'kuwagwera paphewa la kumanja. Anthu amene ankapalira chimanga chapafupi ndiwo anawatulutsa. Anadula mitengo iwiri, anamangapo zitenje, n'kuwanyamula pansi mpaka pa msewu waukulu, akusinthana. Anthu amenewo sindinawaonepo mpaka lero. Mayi amene anaimba foni uja anatsagana nawo pa lole mpaka kuchipatala cha pa Boma, anandipatsa foni ndi nsapato imodzi ya amuna anga, n'kubwerera kwawo ndisanamufunse n'komwe dzina.

Anatitumiza ku Mzuzu, ndipo tinakhalako nthawi yaitali. Mafupa analumikizana. Mkono sanaudule. Koma dokotala anatiuza kuti mitsempha ya paphewa inawonongeka, ndipo dzanja mwina lidzadzuka, mwina ayi. Afundi anamva mawu akuti mwina lidzadzuka, enawo anawasiya pomwepo.

Titabwerera kunyumba anayamba kulimbana nalo dzanjalo. Ankaika ndimu m'chikhatho n'kumayesa kulifinya. Ndinkawathira madzi ofunda, kuwasisita ndi mafuta, kuwongola zala chimodzichimodzi. Ndikazisiya zinkapindikanso pang'onopang'ono. Anthu a kumpingo ankabwera kudzapemphera. Mayi wa ku Kaseye ankayendera mashopu onse atatu pa kabaza, ndipo madzulo ankadutsira kwathu kudzawauza zonse, ngakhale zazing'ono, kuti asamadzione ngati atayidwa. Mvula inatha, chimanga chinauma, anthu anakolola. Dzanja silinadzuke.

Anayesa kuphunzitsa lamanzere. Kudya analiphunzitsa, kumanga mabatani analiphunzitsa. Kenaka anati ayambiranso kupita ku shopu ya pa Boma, ndipo masiku oyamba ndinkawaperekeza. Ankakhala pa mpando pakona, akulangiza antchito ndi pakamwa, ndipo nkhope yawo inayamba kuwalanso.

Tsiku lina ine ndili pomwepo kunabwera mkulu wina wa ku Wenya, wa imvi, atakulunga wailesi m'nsalu. Inali imodzi mwa mawailesi amene afundi ankakonza kale pakhonde paja. Wantchito atafuna kuilandira, mkuluyo anakana.

"Iyi amaidziwa ndi afundi eni ake," anatero. "Wina asaigwire."

Afundi anasangalala. Anauza antchito kuti awapatse malo pathebulo. Anapanikiza wailesi ndi chigongono cha mkono wodwalawo, n'kutenga chomasulira ndi dzanja lamanzere. Kutsegula anatsegula. Vuto analiona nthawi yomweyo, kawaya kamene kanaduka pafupi ndi batire. Koma kuwotcherera kumafuna manja awiri, lina logwira waya, lina logwira chitsulo. Anayesa kugwira wayayo ndi mano. Anayesa kuupanikiza ndi chomasulira. Chitsulo chotentha chinaterereka n'kukhudza chala cha dzanja lakufalo, ndipo iwo sanamve. Tinamva ndife, fungo la khungu lopsa.

Mayi wa ku Kaseye analipo tsiku limenelo. Anabwera mwakachetechete, anachotsa chitsulocho m'dzanja mwawo, n'kunena kuti, "Adada, ndiuzeni pogwira." Iwo anamuuza, ndi mawu otsika, ndipo wailesi inalira. Mkulu uja anaikulunganso m'nsalu yake. Potuluka anagwira afundi paphewa n'kunena kuti, "Pepani chomene."

Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso ku shopu.

Bambo wa ku Lilongwe anabwera kudzationa. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Nthawi yonse imene tinali ku Mzuzu ankaimba foni, ndipo anadikira miyezi yambiri osatchula za ntchito. Koma tsiku limenelo, atamwa tiyi, ananena zimene anabwerera. Mashopu ankafuna mwini wotha kuyenda. Chipinda cha ku Mafinga chinali chikudikirabe. Anati ngati afundi angalole, mgwirizano upite m'manja mwa mayi wa ku Kaseye, iwo apatsidwe gawo lawo mwachilungamo.

Afundi anangogwedeza mutu, n'kuti aganizira.

Mayiyo atamva anabwera m'mawa mwake, maso ali ofiira. Anakana kukhala pa mpando. Anagwada pansi pafupi ndi khomo, ngati tsiku loyamba lija.

"Adada, ine sindinapemphe zimenezi. Anthu adzati ndinadikira kuti mugwe."

"Anthu adzanena, kenaka adzatopa," afundi anatero.

"Ndipitiriza kuyendera mashopu ngati mmene ndikuchitiramu. Dzina likhale lanu."

"Achemwali, tamverani. Mukakana inu, abweretsa munthu wa ku Mzuzu amene sadziwa ngakhale kupereka moni kuno. Anyamata a m'mashopu aja adzawachotsa. Ine ndinaphunzitsa inu kuti mudzagwire ntchito, osati kuti muzindilondera. Tengani."

Analira nthawi yaitali. Ine ndinapita kukhitchini chifukwa nanenso sindikanatha kudzigwira. Nditabwerako ndinapeza afundi akumulongosolera za mwini chipinda wa ku Mafinga, kuti ndi munthu wokonda kusintha mawu, asadzamukhulupirire pakamwa pokha.

Zitatero masiku awo anatalika. Ine ndinkapita kusukulu m'mawa n'kuwasiya pakhonde, pobwera n'kuwapeza pomwepo. Anasiya kufinya ndimu. Dzanjalo ankalibisa m'thumba la jekete ngakhale kukutentha. Sankakwiya, sankadandaula, ankangochepa. Anthu odutsa akawapatsa moni kuti "Monire afundi," ankayankha mwaulemu, koma ndinkaona kuti dzinalo likuwalemera.

Shopu ya ku Mafinga itakonzeka, mayi wa ku Kaseye anatumiza galimoto kudzatitenga kuti tikakhale nawo potsegulira. Ndinkaganiza kuti akana, koma anavala suti. Tinadutsa pa mlatho uja, umene tsopano unali utakonzedwa, ndipo iwo anayang'ana kutsogolo osatembenuka. Tinafika msanga, mwambo usanayambe. Afundi anatsika n'kulowa m'shopumo okha kuti aone mmene aikonzera. Wantchito watsopano, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Karonga, anawalandira ndi nsangala.

"Takulandirani bambo. Foni yanu yatani? Mukhale apo, amisiri ayamba posachedwa."

Sanalakwe chilichonse. Ankachita zimene anaphunzitsidwa. Afundi anamwetulira n'kunena kuti angodzaona. Pa mwambowo anawaika pa mpando wa kutsogolo, mayi uja analankhula za iwo mpaka mawu kumuthera, anthu anawomba m'manja. Wantchito uja anabwera kudzapepesa, manyazi atamugwira, iwo n'kumuuza kuti amalandira bwino alendo, apitirize.

Pobwerera afundi ankayang'ana pawindo mpaka titayandikira pa Boma. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, ine ndikufuna kupita kumudzi."

Ndinali ndi kalasi ya Sitandade 8 chaka chimenecho, ndipo mwana wathu anali atatsala pang'ono kulemba mayeso ake omaliza. Tinagwirizana kuti iwo atsogole akakhale kwa achemwali awo ku Ntcheu, ine ndimalize chaka n'kupempha kuti andisamutsire kumeneko. Anati akayamba kukonza malo omangapo nyumba. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija ndinawamva akulankhula za mawa, ndiye sindinawaletse.

Ndinawaperekeza ku depoti m'mawa kukuzizira. Mayi wa ku Kaseye anabwera ndi thumba la nyemba ndi mawere, anyamata a m'shopu ananyamula katundu. Basi itadzaza, afundi anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti loko wa chitseko cha kuseri amafuna kumukankhira m'mwamba potseka. Ndinati ndikudziwa. Anati ayi simudziwa, mumangomenyetsa. Basi inanyamuka tikukangana za loko.

Tinkalankhulana madzulo aliwonse. Kumudzi kunawayanja. Anaphunzira kulima ndi dzanja limodzi, ndi kakhasu kakang'ono, ndipo anabzala mbatatesi kudimba la achemwali awo. Anthu kumeneko sankawatchula afundi, ankangowaitana ndi mfunda wawo, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo zinawapeputsa. Ankandiuza za mtengo wa mapeyala umene unali pamalo omangapo nyumba, kuti saudula, nyumba iulambalale.

Nyengo yozizira anayamba kutsokomola. Ndinkamva pa foni, iwo n'kumati ndi chimfine cha kudimba. Ndinauza alamu anga, achemwali awo aja, kuti awatengere kuchipatala, ndipo anawatengera, analandira mankhwala, anapezako bwino. Kenaka chinabwereranso. M'mawa wina alamu anga anaimba ndikukonzekera kupita kusukulu.

"Alamu, nyamukani lero. Awagoneka. Akuti ndi chibayo."

Kuchoka ku Chitipa kukafika ku Ntcheu ndi ulendo wautali. Ndinakwera minibasi mpaka ku Karonga, ina mpaka ku Mzuzu, kumeneko n'kupeza basi yaikulu. Tili ku Karonga alamu anga anandipatsa afundi pa foni. Mawu awo anali akutali, koma anali iwo. Anafunsa ngati ndadya. Anati ndisathamange, ali bwino. Titadutsa Jenda foni inaliranso, ndipo alamu anga sanalankhule, ndinangomva kulira kwa azimayi kumbuyo kwawo. Mayi amene ndinakhala naye pampando, munthu wosamudziwa, anandigwira dzanja mpaka ku Lilongwe.

Mayi wa ku Kaseye anatseka mashopu onse. Anakatenga mwana wathu kusukulu, anachita hayala minibasi, n'kubwera ndi antchito, anthu a kumpingo ndi amalonda ena a pamsika. Bambo wa ku Lilongwe anabweranso. Abale a ku Ntcheu sankadziwa kuti mbale wawo anali ndi anthu ochuluka chotero kumpoto. Pa siwa alendowo anaimba nyimbo za Chitumbuka, eni mudzi n'kumangomvetsera, ndipo kenaka anayamba kutsatira mang'ombe ngakhale mawu sankawadziwa. Popita kumanda anyamata a malaya obiriwira anapempha kuti anyamuleko bokosi, adzukulu n'kuwalola.

Mwambo utatha alamu anga anandiperekeza kukaona malo a nyumba aja. Afundi anali atalambula, atakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe. Mzere wa mbali imodzi unali wokhota polambalala mtengo wa mapeyala. Kudimba mbatatesi zinali zitatsala pang'ono kukumbidwa. Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali, alamu anga ataima chapatali.

Chilolezo chosamuka chinatuluka chaka chitatha, monga tinapanganira. Ndinapita ku ofesi kukanena kuti ndasintha maganizo. Mwana wathu sadziwa kwina koposa kuno, ndipo ine ndinalibe mphamvu yokayamba moyo wina pafupi ndi manda atsopano. Ndinabwerera m'kalasi.

Mashopu akupitirira kukula. Afika ku Nthalire, afika ku Misuku, ndipo tsopano amakonzanso zipangizo za sola ndi makompyuta. Mayi wa ku Kaseye ali ndi galimoto yake, ana ake onse aphunzira. Anthu ena ananenadi zimene ankaopa zija, ndipo kenaka anatopa. Antchito ambiri a masiku ano sanawaonepo afundi. Sindiwaimba mlandu. Ine njira yodutsa pa shopu ya pa Boma ndinaisiya kwa nthawi yaitali, ndinkazungulira kuseri kwa msika ngakhale kuli matope. Masiku ano ndimadutsapo, koma sindilowa. Foni yanga ikavuta ndimapatsira mwana wa sukulu kuti akaipereke.

Mayiyo amabwerabe kunyumba mwezi uliwonse. Salankhula za ntchito pokhapokha ndifunse. Timakhala pakhonde, timasenda mtedza. Tsiku lina anandiuza kuti akamawotcherera kanthu kovuta amadzipeza akuluma mlomo wa m'munsi, ndipo sadziwa kuti anayamba liti. Tinaseka, kenaka tonse tinatembenukira kumbali.

Chaka chamawa ndipuma pa ntchito. Alamu anga amaimba pafupipafupi kufunsa kuti ndikubwera liti, akuti malo aja akuwasungabe ndipo chaka chilichonse amalambula. Mayi wa ku Kaseye naye wandipatsa munda kwawo, m'mphepete mwa kamtsinje, akuti nthaka yake ndi ya nyemba. Mwana wanga, amene tsopano ndi namwino ku Karonga, akuti ndisankhe ndekha, iye adzandipeza kulikonse.

Sabata yatha alamu anaimbanso. Ndinawauza kuti ndibwera pa tchuthi kudzaona manda ndi kuthira simenti, zinazo tidzakambirana ndikafika. Iwo anati, "Chabwino alamu. Mudzabwere ndi juzi, kuno kwayamba kuzizira."